Nsapato Zimene Agogo Anachapa

Tinafika ku Nairobi m'mwezi wozizira, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, agogo ali ndi zaka zimene iwo eni sankazidziwa. Amayi anali atamwalira ku Zomba chaka cham'mbuyo mwake, ndipo abambo sindinawaonepo. Agogo ankagwira ntchito yochapa ndi kusita pa banja lina, ndiye abwana a pa banjapo atapeza ntchito ku bungwe lina lalikulu ku Kenya, adona anakana kuwasiya agogo. Ankati munthu wodziwa kusita kolala ya shati ngati iwo sangapezekenso. Agogo nawo anakana kundisiya ine. Umo ndi mmene ndinakwerera ndege koyamba, nditavala juzi yakale ya mwana wa eni ake.

Tinkakhala ku Lang'ata, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thanki ya madzi. Ndege zing'onozing'ono zinkadutsa pamwamba pa zingwe zoyanikira zovala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo agogo ankazitukwana zikatsika kwambiri. Chiswahili sanachiphunzire, kupatula mawu ogulira sopo ndi masamba a sukuma. Munthu akawalankhula zambiri ankangomuyankha m'Chichewa mokweza, ngati vuto ndi makutu ake.

Ine ndinali mwana wosalankhula. Ndinazindikira msanga kuti pa nyumba ya eni, mdzukulu wa wantchito amakhala bwino akamaoneka pang'ono ndi kumveka pang'ono. Choncho ndinkangoyang'ana. Ndinkadziwa tsiku limene adona akangana ndi abwana poona mmene aikira kapu pa tebulo. Ndinkadziwa kuti msana wa agogo wayamba kupweteka akasiya kuimba posita. Koma zimene ndinkaonazo sindinkauza munthu.

Mwana wamkazi wa abwana anali wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi. Lachitatu madzulo ndi Loweruka m'mawa ankapita kukaphunzira balee, gule wa azungu uja wovina choimirira pa nsonga za zala, m'holo ya tchalitchi china cha kufupi ndi m'tauni. Ine ndinkatumidwa kumuperekeza kuti asamakhale yekha m'galimoto ndi dalaivala. Ndinkakhala pa benchi ya pafupi ndi chitseko nditafungatira chikwama chake. Chaka chathunthu ndinakhala pamenepo. Tikabwerera kunyumba ndinkalowa pakati pa nsalu za pabedi zoyanikidwa, pamene munthu sangandione, n'kugwira paipi ya thanki ngati mtengo umene ana ankagwira m'mbali mwa khoma la holo, n'kubwereza zonse zimene ndaona.

Aphunzitsi ake tinkangowatchula kuti a Madamu. Anali mzungu wokalamba, wamfupi, wowonda, tsitsi loyera atalimanga kumbuyo mothinitsa mpaka khungu la pachipumi kukokeka. Makolo odikira ana pakhonde ankanong'onezana kuti mayiwa kale anavina m'mizinda ikuluikulu ya ku Ulaya, ndipo anthu ankagona pamzere kudikira matikiti. Nthawi zina kunkabwera alendo a makamera kudzawajambula, iwo n'kumawayankha mwachidule akuyang'ana wotchi. Ku Nairobi anabwera motsatira amuna awo, ndipo amunawo atamwalira iwo anangotsala. Ife ana za kutchukazo tinkangozimva. Amene tinkawadziwa anali mayi wotsimphina chifukwa cha chiuno, womveka fungo la mankhwala opaka m'mafupa, wowerenga mpaka eyiti m'Chingerezi n'kumatchula mayina a masitepe m'Chifalansa.

Tsiku lina anaimitsa piyano pakati pa nyimbo.

"Iwe wa pa benchi," anatero m'Chingerezi. "Mapazi akowo akundisokoneza. Ngati akufuna ntchito, bwera nawo kuno."

Sindinkadziwa kuti mapazi anga ankatsatira nyimbo pansi pa benchi. Ndinapita, ndipo nditafika pamaso pawo ndinagwada, monga agogo anandiphunzitsira kuchita munthu wamkulu akandiitana. Ana onse anaseka, ngakhale mwana wa abwana amene kunyumba ankagwadanso.

"Imirira," anatero a Madamu. "Muno timagwada nyimbo ikatiuza."

Zina zonse anakambirana ndi adona, ndipo nkhaniyo sinandifike. Ndinangopatsidwa zovinira zimene zinamuchepera mwana wa abwana, n'kuikidwa kumapeto kwa mzere.

Patapita zaka ziwiri mwana wa abwana anatopa nazo n'kuyamba kusambira. Galimoto inasiya kupita kuholo, ine ndinapitiriza pa matatu, maminibasi a kumeneko. Ndikakumbukira zaka zimenezo, chimene chimabwera poyamba si nyimbo ayi, ndi kutopa. Kuchoka kusukulu chothamanga, kupanikizana pokwera, kutsika m'tauni n'kuyenda pakati pa ogulitsa a m'mbali mwa msewu, kufika m'holo thukuta lili kale kamukamu, kenako maola awiri obwereza chinthu chimodzimodzi. Mu Julayi matabwa a pansi ankazizira mpaka zala kuchita dzanzi. Mvula ikagwa pa malata piyano sinkamveka, ndiye a Madamu ankamenya ndodo yawo pansi, ife n'kumatsatira ndodoyo. Sankakuwa ndipo sankayamikira. Ankayenda kumbuyo kwathu n'kumakhudza ndi chala chimodzi chozizira pamene palakwika, kaya ndi phewa, kaya ndi bondo. Ine chinali chibwano masiku onse. Ankachikweza ndi chala, ine n'kuchitsitsanso ndikangoona kuti akundiyang'ana, poti kwathu mwana sayang'ana wamkulu m'maso.

"Pansipo wataya chiyani?" ankandifunsa. "Tikuthandize kufuna?"

Agogo sanabwerepo kudzaona. Tsiku loyamba kuona zovala zovinira, zothina zija, anazinyamula ndi zala ziwiri.

"Ndiye uzivina utavala sokosi thupi lonse, mkazi mnzanga?" Ankanditchula choncho akafuna kundiseka. "Mwamuna wathu akanakhala moyo akanakomoka."

Anandilamula kuti ndizimanga chitenje pamwamba mpaka pakhomo la holo. Koma zovalazo ankazichapa okha, osalola kuti ine ndizikhudze. Nsapato zanga zofewa za nsalu ankazikwecha ndi burashi Lolemba lililonse ine ndili kusukulu, n'kuziyanika pamwamba pa thanki. M'kalasi mwathu munali ana a akazembe ndi a mabwana a kubanki, koma nsapato zoyera kuposa zonse zinali zanga. Agogo ankati anthu angatinene kuti ndife osauka, koma asadzatinene kuti ndife auve. Chinthu china choti andipatse m'mzinda umenewo analibe.

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zitatu, a Madamu anatiuza kuti mu Disembala adzakwera pansanja komaliza. Kuvina kwenikweni chiuno sichikanawalola. Anakonza gule wamfupi woti iwo adzangoyenda pang'onopang'ono n'kumagwiritsa ntchito mikono, atsikana anayi akuwazungulira pa nsonga za zala. Ananena poyera kuti akatero basi, sadzabwerezanso. Anatchula atsikana atatu, n'kuyang'ana pawindo, kenako anatchula ine. Pankhope sindinasonyeze chilichonse. Koma pa matatu tsiku limenelo ndinapitirira pamene ndinkatsikira, mpaka kondakitala anachita kundifunsa kumene ndikupita.

Vuto linali nsapato. Zovinira pa nsonga si zofewa ngati zinazo. Kutsogolo kwake kuli ngati kakapu kolimba kolowamo zala, ndipo kakapuko amakapanga ndi nsalu ndi mapepala zomatidwa ndi guluu, kunja n'kukuta ndi nsalu yonyezimira. Kakapu kameneko ndi kamene kamanyamula thupi lonse. Ku Nairobi masiku amenewo sitinkazipeza m'sitolo. Anzanga makolo awo ankawabweretsera akapita kunja. Ine ndinkaphunzirira pa zakale zimene mtsikana wina anazisiya, ndipo zinali zitatheratu.

Loweruka lotsatira a Madamu anandiuza kuti nditsale. Anatulutsa m'chikwama mwawo kathumba ka nsalu, m'kathumbamo muli nsapato ziwiri. Zinali zachikasu chifukwa cha kukhalitsa, kunsonga kuli zipsera zakuda za fumbi, m'kati mutalembedwa ndi inki manambala amene sindinawamvetse.

"Phazi lako ndi lopyapyala ngati langa," anatero. "Ndinazivala kamodzi kokha. Yesa."

Zinandikwana ngati wopangayo anayeza phazi langa. Nditakwera pa nsonga ndinamva koyamba nsapato ikundinyamula. Woimba piyano anali atapita kale, ndiye a Madamu anaima pakati pa holo n'kuyamba kung'ung'udza nyimboyo okha.

"Zungulira. Pang'onopang'ono. Usayang'ane mapazi, uziyang'ana dzanja langa."

Ndinawazungulira kamodzi, holo ili phee, panja wina akusesa khonde. Nditafika pamene ndinayambira anasiya kung'ung'udza.

"Chabwino. Vula, usazitope nazo. Ndi zomaliza, zina ndilibe."

Sanandiuze kuti zisakhudze madzi. Kwa iwo zimenezo zinali ngati kuuza munthu kuti moto umawotcha. Ndipo ine ndinkadziwa. Tonse m'kalasi tinkadziwa kuti ngakhale thukuta limazipha pang'onopang'ono. Amene sankadziwa ndi agogo, ndipo sindinawauze. Ndinangoti a Madamu andipatsa nsapato, n'kuziika m'chikwama pansi pa bedi, mmene munkakhala zovinira zanga zonse. Za Disembala ndinkati ndidzawauza nthawi ikayandikira.

Lolemba pochokera kusukulu ndinaziona ndikadali pageti. Zinali pamwamba pa thanki, zitagonekedwa bwinobwino padzuwa, maliboni ake akulendewera, ositidwa. Zinali zoyera ngati sizinavalidwepo.

Agogo anatuluka m'chipinda chositira akupukuta manja.

"Mzungu wakoyo ndi wauve, ndikuuze. Madzi oyamba anachita kuda bii. Ndaviika m'mawa wonse, ndatsukuluza katatu." Anatenga imodzi n'kuitembenuza kuti ndione kunsonga. "Zakuda zija zili kuti? Kutsogoloku kunafewa pang'ono, koma usadandaule, ndathira sitachi wa makolala a abwana. Gwira uone."

Ndinagwira. Kunja kunali kouma gwa ngati kolala. Nditakanikiza ndi chala chachikulu, chalacho chinangolowa ngati ndikukanikiza buledi.

Nkhope ya agogo inali yowala. Anali atathera theka la tsiku pa nsapato ziwirizo, zovala za eni nyumba zikadali mulu m'beseni.

"Zikomo, agogo," ndinatero.

Lachitatu ndisanalowe m'holo ndinapita kuseri kwa tchalitchi n'kuzipaka fumbi, kuti a Madamu asaone kuyerako. Ndinavina nazo masabata awiri. Mphindi zoyamba sitachi ankagwira, kenako thukuta linkamusungunula, thupi langa lonse n'kutsikira pa chala chachikulu. Ndinaikamo thonje, kenako tizidutswa ta nsalu, kenako ndinadula kachidutswa ka katoni ya sopo. Palibe chinathandiza. A Madamu ankaona kuti chinachake chalakwika, koma ankachifuna pa msana ndi m'mawondo.

"Ukumira," ankatero. "Kwera. Ndinakusankha chifukwa sunali waulesi."

Chikhadabo chinada, kenako chinayamba kutukuka. Kunyumba ndinkavala masokosi ngakhale kukutentha, ndipo amene adetsedwa ndi magazi ndinkawataya m'tauni. Ndikamadutsa pamene agogo akusita ndinkayesetsa kuyenda mowongoka. Ndinkadziuza kuti kwatsala masabata asanu, kenako anayi, ndipo munthu akhoza kupirira chilichonse chimene chili ndi tsiku lothera.

Lachitatu lina, pamalo pamene tonse anayi tinkatembenuka limodzi, nsapato ya kumanja inapindika, kakolo wanga n'kupindika nayo. Ndinagwa chammbali n'kukokera pansi mtsikana amene anali pafupi nane. Piyano inasiya. Mnzangayo anadzuka akusisita chigongono.

A Madamu anabwera pang'onopang'ono monga ankayendera. Anandiuza kuti ndivule. Anatenga nsapatoyo, anaikanikiza ndi chala, anatulutsa kakatoni kaja n'kukayang'ana mbali zonse. Kenako anainunkhiza.

"Sopo," anatero motsitsa. "Wachapa ndani?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndiyang'ane. Wachapa ndani?"

"Ine."

Sanakalipe. Anandibwezera nsapatoyo m'manja, n'kuitana mtsikana wina wamtali amene ankaphunzira masitepe athu chakumbuyo, kuti alowe pamalo panga. Ine anandiuza kuti ndikakhale pa benchi.

Madzulo amenewo kutsimphina sikunabisike. Agogo anandikhazika pa mpando, anandivula sokosi, n'kukhala nthawi akuyang'ana chalacho. Anatenthetsa madzi a mchere. Anandifunsa kawiri, ine ndinati ndapunthwa pa mwala. Amene anaulula ndi mwana wa abwana, amene anabwera kudzatenga yunifolomu yake yositidwa n'kupeza nsapatozo pa bedi.

"Izi mwazichapa? Agogo, izi sachapa. Muli guluu umu. Zafa izi." Anaseka, kenako anaona phazi langa m'beseni n'kusiya. "Ndiye mu Disembala uvina ndi chiyani? Amayi akuti unasankhidwa."

Agogo anandiyang'ana. "Kusankhidwa chiyani?"

Ndinafotokoza zonse maso ali pa madzi, mpaka za benchi. Agogo anapukuta phazilo, analimanga ndi kansalu koyera, n'kubwerera kukasita.

Loweruka m'mawa ndinawapeza atavala chitenje chawo cha kutchalitchi ndi mpango woyera kumutu, nsapato zija atazikulunga m'nyuzipepala.

"Tiye. Ukandionetse mzungu wakoyo."

Matatu ankawaopa, ndipo pa zaka zisanu anali atakwerapo mwina katatu. Anakhala atagwira mpando wa kutsogolo ndi manja awiri, wailesi ikugunda, kondakitala akuwatchula kuti mama n'kumawaseka m'Chiswahili, iwo n'kumamuuza m'Chichewa kuti akasambe.

Tinafika kalasi isanayambe, makolo angapo ali pakhonde. Agogo anavula nsapato zawo pakhomo, analowa, n'kugwada pa matabwa pamaso pa a Madamu. Mawondo awo analira, ndinawamva.

"Uwauze aimirire," anatero a Madamu kwa ine.

"Akuti muimirire, agogo."

"Uwauze kuti wolakwa saimirira."

A Madamu anayang'ana uku ndi uku. Kenako anagwira mtengo wa m'mbali mwa khoma uja n'kudzitsitsa pang'onopang'ono, chiuno chikukana, mpaka anakhala pansi mwendo umodzi utawongoka. Ndinali ndisanawaonepo atakhala pansi. Ine ndinagwada pakati pawo kuti ndizimasulira.

"Uwauze kuti wochapa ndine, mwanayu wanama," anatero agogo. "Uwauze kuti ndakhala ndikuchapa zovala za anthu kuyambira amayi ako asanabadwe, sindinawonongepo ngakhale kampango ka m'thumba. Lero ndawononga cha mwini, ndiye ndabwera ndekha kuti andione."

Ndinamasulira.

"Mawu anga anali aatali. Ako afupika bwanji? Unene onse."

Ndinanena onse. A Madamu anamvetsera, kenako anafotokoza za guluu ndi mapepala akusonyeza ndi zala. Agogo anapukusa mutu.

"Nsapato ya mapepala. Ndiye kwawoko mvula ikagwa amatani? Izo usamasulire. Uwauze kuti zinali zakuda kwambiri. Izo umasulire."

A Madamu anaseka, kaphokoso kakafupi ka m'mphuno.

"Zinali zakuda, inde. Fumbi limenelo linali la pansanja ya kwathu, tsiku lomaliza limene ndinavinapo."

"Akuti chiyani?"

"Akuti ndi zoona, agogo."

"Eya. Tsopano uwauze kuti mlandu ndi wanga. Amubwezere mwanayu malo ake. Ngati pali chilango, ndizibwera tsiku langa lopuma kudzawachapira ndi kuwasitira mpaka atanena okha kuti zakwana."

A Madamu anandiuza kuti nditambasule mwendo. Anamasula kansalu ka agogo, anayang'ana chikhadabo chimene chinali chitatsala pang'ono kuchoka, anagwira kakolo wotupayo, n'kulipinda phazi mbali iyi ndi iyo akuyang'ana nkhope yanga.

"Masabata asanu ndi limodzi osakwera pa nsonga," anatero. "Gule ali m'masabata atatu. Uwauze agogo ako kuti za nsapato aiwale, nsapato ndi nsapato. Ukanandiuza tsiku loyamba, mayi ake a mnzako wina anali ku Johannesburg sabata yatha, akanakubweretsera zina. Sindinakuchotse chifukwa cha sopo. Ndinakuchotsa chifukwa unavina masabata awiri pa nsapato zakufa osanena, mpaka unagwetsa mnzako. Phazi ili waliwononga ndiwe. Umasulire zonse."

Ndinamasulira zonse, kuchotsa chiweruzo changa m'Chingerezi n'kuchiika m'Chichewa ndi pakamwa panga pomwe. Agogo anatembenukira kwa ine.

"Nanga bwanji sunanene, mwanawe? Tsiku lomwe lija, nditakupatsa kuti ugwire?"

"Munali mutakondwa," ndinatero.

A Madamu anandifunsa chimene ndanena. Agogo Chingerezi sankachimva, koma funsolo analimva.

"Usawauze. Zimenezo ndi zathu."

Kudzuka kunawavuta onse awiri. Ndinayamba kudzutsa agogo, kenako a Madamu, ndipo atsikana anayamba kulowa. Nsapato zija zinatsala pansi m'nyuzipepala. Amene anazitola sindikumudziwa.

Masabata atatuwo ndinkapitabe kuholo, poti a Madamu anati wovulala amaphunzira ndi maso. Ndinkaonerera mtsikana wamtali uja akuzolowera malo anga. Kunyumba agogo anasiya kutsegula chikwama changa. Lolemba zovinira ndinkazipeza mmene ndazisiyira, zonunkha thukuta, ndipo ndinayamba kuchapa ndekha. Sanali okwiya ayi. Posesa ankangochilambalala chikwamacho ngati muli njoka, ndipo sanachikhudzenso mpaka imfa yawo.

Gule anachitika Loweruka masana, m'nyumba ina yaing'ono ya zisudzo m'tauni. A Madamu anatitumizira matikiti awiri. Tinakhala chakumbuyo, agogo atagwirizira kachikwama kawo pamiyendo. Kunayamba magule ambiri a ana aang'ono, agogo mpaka anawodzera. Ndinawagwedeza nthawi itakwana.

A Madamu anatuluka atavala diresi lotuwa lofika m'mapazi. Kutsimphina kunalipo, sanakubise. Anayenda kuchoka kumanzere kupita kumanja, basi, atsikana anayi akuwazungulira. Koma atakweza dzanja, anthu amene ankatsokomola analeka, ana analeka kugwedeza mipando. Zaka zonse zija ndinkadziwa chala chawo chokha. Mkono wonse ndinauona tsiku limenelo, ndili kutali, mutu wa bambo wina ukunditchinga. Gule yense sanathe mphindi khumi. Anthu anaimirira kuwomba m'manja, ife tinaimirira nawo.

Isitala isanafike a Madamu anapita kwawo kukachitidwa opaleshoni ya chiuno, ndipo sanabwererenso. Ine ndinachira, ndinapeza aphunzitsi ena, ndinavina zaka zambiri m'masukulu, m'mahotela ndi pansanja zingapo zenizeni, mpaka mawondo anandiuza kuti basi. Anthu akamva kumene ndinaphunzira amandifunsa ngati ndinavinapo limodzi ndi a Madamu pansanja. Ndimati ayi, ndipo kawirikawiri sindifotokoza.

Tsiku la gulelo titatuluka kunja kunali kukuwaza mvula. Tinayenda kupita kokwerera matatu, tonse awiri pang'onopang'ono, anthu akutigunda mapewa. Mzere unali wautali, ndiye tinabisala pakhonde la sitolo yotseka.

"Iwe ukanakhala pati?" anafunsa agogo.

"Kumanzere, kumbuyo."

"Pamene panali wamtali uja?"

"Eee."

"Amachedwa kutembenuka ameneyo. Anzake atembenuka kale, iye ndiye akuyamba."

Sindinkadziwa kuti anaona zimenezo.

"Iwe sukanachedwa?"

"Sindikudziwa, agogo. Mwina ayi."

Anayang'ana madzi akuyenda m'ngalande.

"Mayi uja ndi wotopa," anatero. "Ndamuona poweramira anthu paja. Akafika kunyumba aviike mapazi."

Matatu awiri anadutsa odzaza. Tinakwera achitatu, ndipo agogo anagona tisanatuluke m'tauni, mutu uli paphewa panga.